Mwana wa Kumudzi Alibe Nkhoswe pa Khomo la Nchito

Pali mlandu umene tifuna kuutula pa bwalo la owerenga mwezi uno, ndipo oimbidwa mlanduwo ndiwo eni masukulu akuru aja ochedwa mayunivesite, a Boma ndi a mipingo omwe. Mlandu wace ndi uwu: alandira mwana wa kumudzi, nalandiranso ndalama za atate wace, namsunga zaka 4 kapena 5; ndipo pa tsiku lotsiriza ambveka mkanjo wakuda ndi cisoti ca ngondya zinai, nampatsa pepala m'manja, namturutsa pa cipata osamuuza kumene njira iloza. Ife aphunzitsi a masukulu a m'midzi tiri nao mau pa mlandu umenewu, pakuti ana amenewo anayambira m'manja mwathu, ndipo ndife tinawagwira dzanja polemba zilembo zoyamba. Mwana akabwera ndi digiri, nakhala pa khonde la amace dzinja ndi malimwe osaitanidwa kuli konse, makolo a ana ang'ono aona, nayamba kufunsa ngati kuli kwabwino kugulitsa mbuzi cifukwa ca sukulu. Potero bala limene licitika ku yunivesite limveka kuwawa kwace kufikira mu Standard 1.

Tiyambe ndi za kale pang'ono. Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ace oyamba m'caka ca 1965 ku Blantyre, ndipo anali 90 okha. Masiku amenewo funso la nchito panalibe. Dziko linali litangolandira ufulu m'caka ca 1964, Azungu a m'maofesi a Boma analikubwerera kwao, ndipo mipando inacuruka koposa anthu ophunzira. Mnyamata wotsiriza ku Chancellor College, kapena ku Bunda, kapena ku Polytechnic, anapeza nchito irikumdikira. Koma tsopano werengani nafe. Yunivesite ya Mzuzu inayamba kuphunzitsa m'caka ca 1999. Bunda inaima payokha m'caka ca 2012, nichedwa LUANAR. Ku Thyolo kunatsegulidwa MUST m'caka ca 2014, ndipo m'caka ca 2021 yunivesite yakale ija inagawidwa patatu, kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS. Mipingo nayo sinatsalire: ya Livingstonia inatsegula yace m'caka ca 2003, Akatolika ku Nguludi m'caka ca 2006, ndi ena pambuyo pao, pamodzi ndi masukulu ambiri a anthu amalonda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo theka la iwo anali asanafike zaka 18. Zitseko zolowera zakula, ndipo ife tikondwera nazo. Koma citseko coturukira ciri cimodzimodzi monga kale, ndipo masukulu ambiri acita ngati cikali caka ca 1965, pamene pepala lokha linali lokwanira.

Amene aiwala msanga akumbukire mwezi wa June 2020, pamene Unduna wa za Umoyo unaitana ofuna nchito kuti adze okha kudzafunsidwa. Anyamata ndi atsikana anafika zikwi zikwi, ndipo ku Mzuzu anapondana pa cipata, ambiri nabvulala natengedwa kunka ku cipatala. Khomo lotero ndilo limene mwana wathu apeza atabvula mkanjo.

Tsopano mvetsani cimene citipweteka koposa. Pakati pa ana awiri okhala pa benci limodzi, olemba mayeso amodzi, olandira digiri imodzi, pali kusiyana kumene pepala silikuonetsa. Woyamba ndiye mwana wa m'tauni: atate wace agwira nchito ku Capital Hill, malume wace ali ku banki, ndipo mnansi wao ndiye mkuru wa kampani. Mwana ameneyu anamva ciyambire ubwana wace m'mene anthu alankhulira m'maofesi; adziwa cobvala pa tsiku la intavyu, adziwa kuti malo akuti adzatseguka mwezi wa mawa nyuzipepala isanalembe, ndipo pali munthu amene adzatenga foni nanena, Mwana uyu ndimdziwa ine. Waciwiri ndiye wathu, wocokera ku Dowa, kapena ku Nsanje, kapena ku Chitipa. Atate wace adziwa fodya ndi mtedza, adziwa kudza kwa mvula poyang'ana mitengo, koma pa khomo la ofesi sanapondepo, ndipo alibe munthu womtumizira mau. Kwathu kuno mnyamata satsiriza za ukwati yekha; angakhale ali wolimba pa khasu ndi wa makhalidwe okoma, pafunika nkhoswe yoti ipite patsogolo, imchule dzina, iimire mbiri yace, ndi kumlangiza mwambo wa mudzi umene alowa. Pa khomo la nchito mwambo uli womwewo, ngakhale anthu a m'tauni sauchula ndi dzina. Mwana wa m'tauni ankhoswe ace anabadwa nao. Wa kumudzi alibe wina koma sukulu imene inadya ndalama zace. Ndipo sukuluyo ikakana unkhoswe, yamsiya yekha pa bwalo la eni.

Asanene munthu kuti tirikupempha cinthu cimene sicinaoneke pansi pano. Ku Oxford, yunivesite ya ku England kumene ana a eni cuma anali kuphunzira, anakhazika bungwe lopezera ophunzira malo a nchito m'caka ca 1892. Ngati ana otero anasowa nkhoswe, nanga mwana wa mlimi? Ku Boston, m'dziko la America, munthu dzina lace Frank Parsons anatsegula nyumba ya uphungu wa nchito m'caka ca 1908, makamaka cifukwa ca ana a osauka ndi a alendo obwera m'zombo. Ndipo ciphunzitso cace cinali cakuti mnyamata ayambe wadziyesa yekha, mphatso zace ndi zofoka zace, adziwenso bwino nchito zimene ziripo ndi zimene zifunika pa iri yonse, ndipo pamenepo alinganize ziwirizi ndi nzeru. Ku Cincinnati, m'caka ca 1906, mphunzitsi wa za makina dzina lace Herman Schneider anagawa ophunzira ace awiri awiri, kuti wina akhale m'kalasi sabata imodzi pamene mnzace ali m'fakitale, ndipo sabata inzace asinthane. Kotero kuti pofika tsiku la mkanjo eni fakitale anali atadziwa kale manja a mnyamatayo. Zonsezi zapyola zaka 100. Ife tatengera kwa anthu amenewo mkanjo, cisoti, ndodo yonyezimira yoyenda patsogolo pa mdipiti, ndi maina aatali a maudindo. Koma ofesi yaing'ono ija ya nkhoswe, imene ikadatithandiza koposa zonse, taisiya pa doko.

Tidziwa cimene akuru ophunzira atiyankha, pakuti tacimva kawiri kawiri. Ati, Yunivesite ndiyo nyumba ya nzeru, si ofesi ya Wenela yolembera anthu. Nchito yathu ndiyo kunola mutu wa mwana, ndipo za mimba yace adziwa yekha. Mau awa amveka okoma, ndipo ife amene tapatsa moyo wathu ku coko ndi bolodi sitidzanyoza nzeru, iai. Koma tiwafunse: pamene mulengeza pa wailesi kuti makolo atumize ana, munena ciani? Kodi simunena za tsogolo lowala, ndi za maphunziro amene olemba nchito awafuna? Pa nyengo yolandira fizi mulankhula za nchito, ndipo pa nyengo yoturutsa ana mulankhula za nzeru. Munthu wogulitsa ng'ombe ponena kuti ikoka ngolo sangathe kunena pambuyo pace kuti iye anagulitsa kukongola kwa nyanga. Ndiponso Boma lomwe, pamene linakhazika bungwe la ngongole za ophunzira m'caka ca 2015, linayembekeza kuti ngongoleyo idzabwezedwa. Ndipo mwana wokhala pa khonde adzabweza ndi ciani?

Yankho laciwiri liri lolemera koposa, ndipo sitidzalipeputsa. Ati, Nchito kulibe. Ofesi ya uphungu siingabale nchito, ndipo ngakhale mwana alembe CV yokoma ngati uci, mipando iri yocepa. Izi nzoona. Tinamva lonjezo la nchito 1 miliyoni pa masankho a 2020, ndipo ana athu adziwa okha cimene anaona. Koma taonani, pa caka ca njala ndi pamene kagawidwe ka cimanga kafuna maso. Cakudya cikacuruka, ngakhale mwana wamasiye akhuta. Cikacepa, adya ndiwo oyandikira mphika. Cifukwa cace kucepa kwa nchito sikucotsa mlandu pa yunivesite, koma kuukulitsa. Mipando yocepayo ikagawidwa mwa cibale ndi mwa foni, mwana wa kumudzi sadzaiona konse, angakhale anapambana anzace onse m'mayeso. Ndipo pali coipa cina cimene ticichula ndi manyazi: pamene palibe nkhoswe yoona, pauka ankhoswe onama. Alipo anthu amene auza mnyamata kuti apereke ndalama kuti dzina lace lilowe, ndipo akalandira foni yao izima. Alipo amuna okhala pa mipando amene afuna kwa mtsikana mtengo umene sitingaulembe m'tsamba lino. Mtsikana amene sukulu yace inamtuma ndi kalata, ndi dzina la munthu woyenera kumuona, ndi malo okadandaula, ali ndi linga. Amene ayenda yekha ofesi ndi ofesi ndi envulopu m'manja alibe.

Ena adzati, Koma ife ticita kale zimenezi. Tiri nalo tsiku la cionetsero ca nchito. Inde, masiku otero tiwadziwa. Amanga matenti, makampani abwera ndi nsaru zolembedwa maina ao, agawa mapepala ndi zolembera, mlendo wolemekezeka alankhula, ajambula zithunzi, ndipo dzuwa likapendeka apasula. Sitinena kuti ncoipa. Koma kucitira mwana wa caka cotsiriza tsiku limodzi lotero kuli ngati kuthira feteleza cimanga citamasula kale ngaiyaye. M'mera mpoyamba. Mwana wa kumudzi afika ku yunivesite atasankha maphunziro ace pa fomu imene anadzaza mothamanga, kawiri kawiri osadziwa kuti maina aataliwo atanthauzanji, ndipo ena apatsidwa maphunziro amene sanawapemphe konse. Ameneyo afunika munthu wokhala naye pansi m'caka coyamba, womuuza poyera kuti ophunzira zimenezi agwira nchito zakuti, m'malo akuti, ndipo kuti pa chuthi ciri conse ayenera kucita cakuti kuti dzanja lizolowere. Afunika woyeseza naye intavyu, osati kamodzi, kufikira ataleka kuyang'ana pansi. Pakuti ife tinaphunzitsa mwana kuti polankhula ndi mkuru atsitse maso ndi mau, ndipo umenewo ndi ulemu wabwino wa kwathu. Koma pa gome la intavyu ulemu womwewo auyesa mantha kapena umbuli, ndipo palibe anamcenjeza. Afunikanso womuonetsa kufunsira nchito pa intaneti, popeza makampani ambiri tsopano salandira envulopu, ndipo mwana wathu anagwira kompyuta mocedwa.

Pa nkhani ya attachment, ndiyo miyezi ija imene wophunzira apita kukagwira nchito pa kampani asanatsirize, mtima wathu utentha ndithu. Cinthuci ncabwino, ndipo ndico cimene Schneider anayamba. Koma sukulu imene ingopatsa mwana kalata yopanda dzina la wolandira, ninena kuti akadzipezere yekha malo, yabweza mlandu wonse kwa malume uja wa ku banki. Wa m'tauni apeza malo tsiku lomwelo, nagona kwao, nadya kwao. Wa kumudzi ayenda ndi kalatayo kufikira itada ndi thukuta. Ndipo akapeza malo ku Blantyre kapena ku Lilongwe, adzagona kuti, nadzakwera minibasi ndi ciani? Ena angopempha munthu wacifundo kuti awadindire cidindo, nabwerera ku sukulu osagwira kanthu. Pa nchito za manja dziko linaganizako: ciyambire lamulo la 1999 kuli TEVETA, ndipo olemba nchito apereka msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a anchito ao kuti amisiri aphunzitsidwe. Kodi mayunivesite, ndi maprofesa ao onse, alephera kupangana ndi makampani, ndi zipatala, ndi makhonsolo a maboma, kuti malo akuti ndi akuti asungidwe caka ndi caka, ndi kuti osauka ayambe ndiwo kupatsidwa?

Boma linayesako m'caka ca 2018, pamene linayamba kutenga otsiriza maphunziro kukagwira nchito m'maofesi ace kwa nthawi, ndi K80,000 pa mwezi poyamba paja. Tiyamika, pakuti ana ambiri analowa m'ofesi nthawi yoyamba mwa njira imeneyo. Koma cimeneci ndi cithandizo ca pambuyo, ndipo nyengo yace ikatha ambiri abwerera pa khonde lomwe lija.

Pali mau ena amene afala masiku ano, ndipo tipempha kuti olankhula pa miyambo ya mikanjo awaleke, kapena awalipire. Ati, Musafune kulembedwa nchito, dzilembeni nokha. Tapenyetsetsa, ndipo onena mau awa ambiri a iwo alandira malipiro pa kutha kwa mwezi uli wonse, nabwera pa mwambopo pa galimoto ya ofesi. Kuyamba malonda ncinthu colemekezeka, ndipo tifuna ana athu acite. Koma malonda afuna mpamba, afuna kudziwa kulembetsa dzina la bizinesi, kusunga mabuku, kupereka msonkho, ndi kupeza wogula. Ndipo banki ifuna cikole cimene mwana wa m'nyumba ya udzu alibe. Sukulu imene ikhulupiradi mau amenewa iwaonetse ndi manja: ipatse ophunzira a zaulimi munda ndi mbeu kuti alime nagulitse asanatsirize, itsegule makina ace kwa otsiriza caka cimodzi, iwaperekeze kwa obwereketsa ndalama niwaimire. Popanda izi, mauwo ndiwo njira yaulemu yosambira m'manja.

Pano tipatuke pang'ono. Akuru ena atiuza kuti kale zinali bwino, nachula Khondowe, kumene Dr. Robert Laws anayamba Overtoun Institution m'caka ca 1894, ndi kuphunzitsa ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mau pa lamya. Nzoona kuti mnyamata wa kumeneko anaturuka ndi nchito m'manja. Koma tisaiwale kuti dziko silinathe kuwalemba onse, ndipo ambiri anaoloka malire kunka ku Rhodesia ndi ku South Africa. Mmodzi wa iwo, Clements Kadalie, ndiye anayambitsa bungwe lalikuru la anchito ku Cape Town m'caka ca 1919. Njira imeneyo siinatsekeke. Lero ana athu ali ku Johannesburg, ndipo m'mwezi wa November 2023 ena anakwera ndege kukagwira nchito m'minda ya ku Israel nkhondo iri mkati. Sitiweruza wopita. Koma mwana wosaina pangano la m'dziko lacilendo afunika munthu wodziwa malamulo kuti aliwerenge naye mzere ndi mzere, ndipo yunivesite iri nao anthu otero m'makalasi mwace momwe.

Nanunso makolo, mlandu uwu sukupitani pambali. Alipo atate amene akakamiza mwana kuphunzira cakuti cifukwa dzina lace limveka bwino pa maliro ndi pa ukwati, osafunsa ngati mwanayo acikonda kapena ngati ciri ndi msika. Alipo amene aseka mwana wa digiri akamuona alikuweta nkhuku kapena kuumba njerwa, kotero kuti iye asankha kukabisala m'tauni pa nyumba ya mnzace koposa kugwira nchito pamaso pa abale. Ndipo pafupi fupi tonse tipereka fizi osafunsa kanthu. Pogula mbeu tifunsa kuti ica masiku angati ndi kuti inabala bwanji kwa mnansi. Koma popereka ndalama za fodya wa zaka zinai tingoti zikomo. Safunsa anadya phula.

Funso lace ndi limodzi, ndipo ndilo limene tifuna kuti lifike m'makutu a eni masukulu: ana amene munawabveka mikanjo caka cathaci ndi dzana, ali kuti? Ku Britain funso ili lifunsidwa mwa dongosolo: patapita miyezi 15 citsirizire maphunziro, otsirizawo afunsidwa cimene alikucita, ndipo mayankho asindikizidwa poyera, kotero kuti kholo liona maphunziro amene atsogolera ku nchito ndi amene atsogolera ku khonde. Sukulu yowerenga cotero siingapitirize kulandira ana mazana m'maphunziro opanda msika osacita manyazi. Idzasintha cophunzitsa, kapena kucepetsa olowa, kapena kuuza mwana zoona asanalipire. Sukulu yosawerenga iri ngati mbusa wodziwa ng'ombe zoturuka m'khola mamawa, osadziwa zobwera madzulo.

Mayunivesite a Boma tidzawafunsa kupyolera mwa aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo. Koma a mipingo ali pafupi ndi inu, owerenga athu, pakuti amangidwa m'dzina lanu, ndipo akuru amene muwatuma ku misonkhano ya mpingo ali ndi ufulu wa kuimirira ndi kufunsa. Afunse ngati pa sukulupo pali munthu amene nchito yace yonse ndiyo unkhoswe wa ophunzira, osati mphunzitsi wotopa kale amene anamsenzetsa ici pamwamba pa makalasi ace. Afunse makampani amene anapangana nao za attachment, ndi maina ao. Ndipo apemphe kuti ciwerengero ca otsiriza amene apeza nchito ciwerengedwe pa msonkhano pamodzi ndi ciwerengero ca ndalama. Akayankha kuti ndalama zocitira zimenezi palibe, awakumbutse mtengo wa matenti ndi cakudya ca alendo pa tsiku la mikanjo. Akayankha kuti ana otsiriza sapezeka, asabvomere. Kaundula wa maina ndi manambala a foni ali kale m'ofesi ya mlembi, ndipo ndi yemweyo amene atsegula pofuna kukumbutsa mwana za fizi yotsala.